Thumba la Ababa Limene Aliyense Ankalithawa

Ababa anga ali ndi matenda amodzi osachizika: kutolatola. Chilichonse chimene khasu lawo lafukula, kaya ndi phale la mbiya, kaya mkanda umodzi, kaya mwala wooneka mwachilendo, amachipukuta pa thalauza, n'kuchitembenuza uku ndi uku, kenako m'thumba. Amayi ali moyo ankati, "Bambo awa tsiku lina adzatola njoka." Njoka sanatole, koma zimene anatola chaka chathachi zinatsala pang'ono kuwachotsa pa esiteti ya fodya imene akhalapo ngati tenanti kuyambira ine ndili kumsana, m'mapiri a ku Ntchisi kuno.

Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma kumeneko tilibe ngakhale kadimba kobzala mpiru. Akawachotsa pa esiteti, Ababa alibe kolowera. Ndikufuna mumvetse zimenezi kaye musanayambe kuseka za ulendo wathu.

Popanga mizere anafukula mipope itatu yadothi, yotalika kuchokera pachigongono kufika padzanja, ya bowo pakati, kumapeto kumodzi yakuda ngati inapsa. Pafupi pake panali miyala yakuda, yolemera modabwitsa, yamabowomabowo. Anazitsuka n'kuziika kunsi kwa bedi, n'kumazitulutsa Lamulungu lililonse masana kuziyang'ana. Ndiye m'mwezi wa Malichi kunagwa mvumbi wa sabata yathunthu. Fodya wa a Kachala, kapitawo wa pa esitetipo, yemwe ndi mbadwa ya mudzi woyandikana nawo, anaola m'chigafa. Wa Ababa anauma bwinobwino. Ine ndikudziwa chifukwa chake: denga la chigafa cha a Kachala linali ngati sefa. Koma mkazi wawo atabwera kudzabwereka beseni, anasuzumira kunsi kwa bedi, ndipo dzuwa lisanalowe esiteti yonse inali itamva kuti Ababa, a Nampinga, ali ndi nyanga zokawira fodya wa anzawo. Kukawa, kwa amene simudziwa, ndi kukoka zokolola za mnzako ndi mankhwala kuti zidzaze kwako.

Bwana wa esiteti sakonda phokoso. Anangoti, "Loweruka tikhala pansi tonse. Anthu akadzanenabe kuti ndi nyanga, a Nampinga musamuke, fodya wanu atsale."

Ine ndimasoka zovala pa Boma. Nditamva pafoni ndinasiya diresi la munthu pa makina, n'kukwera kabaza. Nditafika Ababa ananditulutsira zinthu zija, ali phee, ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Nditagwira mpope umodzi, mutu wanga unathamangira ku Blantyre. Ndili Sitandade 6 ndinakhalako chaka chimodzi kwa azakhali ku Ndirande, ndipo aphunzitsi anatitengera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, ija amati miyuziyamu. Ndinakumbuka kuti kuseri kwa galasi kunali chinthu chofanana ndi chimenechi. Dzina lake, ntchito yake, zonse zinandithawa, chifukwa tsiku limenelo mtima wanga unali pa mandasi amene ndinamanga pa chitenje. Ndinadzitukwana kwambiri.

"Tiyeni ku Blantyre, Ababa," ndinatero. "Kuli anthu odziwa."

Bwana anavomera, koma anati papite mboni, ndipo mboni yabwino ndi wonenayo. A Kachala akanakana, anthu akanati akuopa. Basi tinanyamuka atatu Lachitatu m'mawa: ine, Ababa ndi thumba lawo la feteleza lomanga pakamwa, ndi munthu amene ankafuna kutisamutsa.

Galimoto yoyamba inali lole yonyamula mbatata kupita pa Boma. A Kachala anadikira kuti tikhale kaye ife, kenako anakwera n'kukakhala pakona yakutali, jekete atalimanga mabatani onse ngakhale kunali kofunda. Ndinawaona akutulutsa mchere m'thumba n'kuwaza pa nsapato zawo. Ndinafuna kulankhula, Ababa ananditsina.

Sitinayende ngakhale ola. Pa kamlatho kena kotsetsereka lole inati tswii, tswii, n'kukhala pansi m'matope mpaka matayala akumbuyo osaoneka. Oyendetsa anatsika, anayang'ana, anayatsa ndudu. Ine magazi anayamba kuwira. Lachitatu linali likutha ndikuliona, ndipo panali Lachinayi ndi Lachisanu basi. Amuna anayamba kutsitsa matumba a mbatata, ena kudula nthambi zoyala kunsi kwa matayala. Ndinakwinya chitenje n'kukankha nawo, matope mpaka m'makutu. Nditacheuka kuti ndione Ababa, ndinawapeza ataima pa chigumula cha m'mbali mwa msewu, akukanda dothi ndi kamtengo.

"Esi, tabwera uone," anatero. "Pamwamba lakuda, pakati lofiira, pansi pali timiyala toyera. Nanga ndani anazisanja chonchi?"

"Ababa, anthu akufuna kukusamutsani, inu muli pa dothi?"

"Nanga ndikasiya kuyang'ana, loleyo ituluka?"

Ndinangobwerera kukakankha lole, chifukwa zimene zinabwera pakamwa panga sizinali zouza kholo. Lole inatuluka dzuwa litafika pamutu, titaikankha ndi anthu a m'mudzi wa pafupi amene anatilipiritsa mbatata thumba limodzi, mwini mbatatayo akulira ngati pamaliro.

Pa Boma tinapeza minibasi ya ku Mponela yooneka yodzadza, kutsala mipando itatu yokha. "Yonyamukanyamuka iyi, mayi!" anatero kondakitala. Ine wa pa Boma pomwepo, wodziwa bwino machenjera amenewa, ndinapusitsidwabe chifukwa cha changu. Titangokhala, anthu anayi amene anali pamipando yakutsogolo anatsika mmodzimmodzi. Anali aganyu ongokhalamo kuti galimoto ioneke yodzadza. Injini inkalira, galimoto n'kusuntha pang'ono kutsogolo, n'kubwereranso. Tinakhala momwemo maola awiri. Ndinadya zikhadabo zanga zonse. A Kachala anakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, Ababa pafupi ndi khomo thumba lili pamiyendo, akufunsa mnyamata wogulitsa matochi kuti kodi kabatire kakang'ono chonchi kamasunga bwanji moto.

Pa Mponela tinasintha galimoto. Mtengo wa ku Lilongwe unali utakwera kuposa umene ndinkaudziwa, akuti mafuta akusowa. Ndinakangana ndi kondakitala mpaka anthu anasonkhana, koma anachotsako zochepa zogulira nthochi basi. Munali modzadza moti mwendo wanga umodzi sindinkadziwa kuti uli kuti. Pambali panga panakhala mayi wina wa dengu la anapiye, kutsogolo kwathu abambo awiri okangana za mpira. Pa Mtengowanthenga panakwera mayi wachitsikana wochokera kuchipatala, mwana wodwala ali pachifuwa, padzanja la mwanayo pali pulasitala. Tinam'finyira malo.

Titayenda pang'ono tinapeza apolisi atatseka msewu ndi migolo. Wapolisi wamkazi anasuzumira, n'kuloza thumba la Ababa.

"Agogo, muli chiyani umo?"

"Ndi zimene tikukafunsa, mwanangu," anatero Ababa, akumwetulira.

Yankho lotani limenelo kwa wapolisi! Anawauza kuti amasule. Anatulutsa mpope umodzi, anauyang'ana, anasuzumira m'bowo ngati akufuna chamba. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndifotokoze, koma kumbuyo kunamveka mawu a a Kachala, okweza ngati ali mu tchalitchi.

"Musagwire ndi manja, bwana! Ndi nyanga zimenezo!"

Mayo ine! Minibasi inaphulika. Mayi wa anapiye anakuwa n'kudumphira pamiyendo ya abambo a mpira. Wina anayamba kupemphera mokweza. Wapolisi uja, Mulungu amudalitse, anangobweza mpopewo m'thumba n'kunena kuti, "Dothi si mlandu. Pitani." Koma anthu anakana. Mayi wa mwana wodwala sanakuwe, anangofunditsa mwana wake chitenje kumutu, n'kundiyang'ana ine ndi maso odzadza misozi. "Chonde, achemwali," anatero, "mwana wanga wangotuluka kumene." Mawu amenewo anandilasa kuposa kukuwa konse kuja. Ndinalephera kum'kalipira.

Kondakitala anasuntha galimoto kupitirira migolo, n'kutsegula chitseko. "Madala, tsikani. Mayi, tsikani." Anakoka thumba n'kuliponya pansi, ndipo ndinamva kuti phwa! Kenako analoza kumbuyo. "Nanunso a jekete, tsikani."

"Ine? Ine ndi amene ndakuchenjezani!"

"Mwadziwa bwanji za m'thumba la eni? Ndinu gulu limodzi. Mfiti zimadziwana. Tsikani!"

A Kachala anatsika. Galimoto ikunyamuka, wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Mukakwere lichero lanu, afiti inu!" Ndikanakhala kuti sindinakwiye, ndikanaseka mpaka kugwa. Kapitawo wathunthu, mkulu wa mpingo, ataima m'mbali mwa msewu wa ku Dowa akutchedwa mfiti ndi anthu osam'dziwa n'komwe.

"Mwamva kukoma kwake?" ndinawafunsa. "Ababa akhala akumva zimenezi sabata yonse."

"Esi, khala chete," anatero Ababa.

Anali atagwada, akumasula thumba. Mpope umodzi unali utasweka pakati. Ndinaganiza kuti alira, chifukwa ankazikonda zinthu zimenezi ngati ana. Koma anatenga chidutswa n'kuchiyandikiza kumaso, n'kuchipendeketsa kudzuwa.

"Taona apa. M'kati muno muli mizere, ngati anakulunga dothi pa ndodo kenako n'kusolola ndodoyo. Ndipo apa," anaika chala chawo chachikulu pa kadzenje kena, "apa panadinda chala cha munthu. Chikukwana changa ndendende. A Kachala, taonani."

A Kachala anayang'ana kumbali. "Mfiti nazonso zili ndi zala," anatero.

Tinadikira pamenepo maola atatu. Minibasi iliyonse inkadutsa yodzadza, kondakitala atatulutsa matako pakhomo. Ndinkayenda kupita uku, kubwerera, kuyang'ana nthawi pafoni, kuimika ngakhale galimoto za maliro. Kenako kunabwera mvula kuchokera kumapiri a ku Dowa, yoyera ngati chinsalu, ndipo tinathawira pa kachisakasa ka mayi wogulitsa tomato. Kanali kakang'ono moti atatufe tinachita kugundana mapewa. A Kachala anayesetsa kutalikira thumba, koma kumene anathawirako kunali kodontha, madzi akulowa m'khosi mwa jekete. Ababa anatulutsa chinangwa chophika, anachinyema, n'kuwapatsa. Anakana. Patapita nthawi mimba yawo inalira moti ngakhale mayi wa tomato anamva. Anagula tomato awiri n'kudya osaphika, ndi mchere wawo uja.

"A Kachala," anatero Ababa, "takhala limodzi zaka zonsezi. Mwana wanu woyamba ndinam'nyamula ine panjinga kupita naye kuchipatala. Mukuganizadi kuti ndingakukaweni?"

"Mtima wa munthu ndi thengo, a Nampinga. Munthu wabwinobwino amasunga zotere kunsi kwa bedi chifukwa chiyani?"

"Ndimafuna kudziwa kuti ndi chiyani."

"Kudziwa kuti mutani nazo?"

"Kungodziwa basi."

A Kachala anapukusa mutu ngati amva chinthu chopanda nzeru kuposa zonse. Ndipo ndisaname, tsiku limenelo nanenso ndinali kumbali yawo pa mfundo imeneyo. Kungodziwa basi! Taonani kumene kunatifikitsa.

Anatinyamula ndi bambo wina wa kalole konyamula makabichi kupita ku Lilongwe. Tisanakwere ndinagula ndowa yapulasitiki pa golosale ya pafupi, ndinaikamo thumba lija, pamwamba n'kuyalapo tomato. Ndinayang'ana a Kachala m'maso. "Mukatsegulanso pakamwa, mubwerera wapansi ku Ntchisi." Sanatsegulenso. Tinadutsa Lumbadzi ndi Kanengo titakhala pa makabichi, tikunjenjemera. Tinagona kwa msuweni wanga ku Mchesi, ndipo tsiku loyamba linatha tisanafike ngakhale theka la njira.

Lachinayi tinalawirira kudepoti n'kukwera basi yaikulu. Ndinati lero zinthu ziyenda. Basi inanyamuka itadzadza nthawi ya m'ma teni, mlaliki ataimirira pakati akulalikira za ziwanda zobisala m'katundu wa anthu. Ndinakumbatira ndowa yanga ya tomato n'kumayang'ana pawindo. Nathenje, Linthipe, Dedza, zonse zinadutsa ine ndikuwerenga maola. Ndinkadziwa kuti maofesi amatseka madzulo, ndipo tikapeza potseka, Lachisanu lithera ku Blantyre, Loweruka n'kutipeza panjira, mlandu n'kugamulidwa ife kulibe. Pa Lizulu basi inaima kuti anthu agule mbatata ya kachewere ndi makaroti, ndipo mayi wina anatha theka la ola akukangana za ndowa imodzi. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kumuuza kuti ngati akufuna munda wonse atsale alime. Anandibwezera mawu amene sindingawalembe pano.

Titapitirira Ntcheu, chakufupi ndi Manjawira, tayala lakumbuyo linaphulika. Tinatsika tonse n'kukhala pansi pa mtengo, kukutentha ngati ku chigayo. Jeke wa basiyo anali wosagwira, mpaka anaimitsa lole ina kubwereka. Ababa, monga mwa masiku onse, anakagwada pafupi ndi okonza tayala, akufunsa kuti kachitsulo kakang'ono kotere kamanyamula bwanji basi yonse. Ine ndinapita kuseri kwa mtengo n'kulira pang'ono, kulira kwa mkwiyo. Nditabwerera ndinapeza a Kachala atakhala pafupi ndi ndowa, osati kuigwira ayi, koma akuiyang'anira kuti mbuzi ina imene inkafuna tomato isayandikire.

Tinawoloka Shire pa Zalewa dzuwa litapendeka. Pa Lunzu panali mzere wa galimoto woyenda ngati kamba. Titatsika mu Blantyre ndinaimitsa njinga zamoto zitatu osafunsa n'komwe mtengo, ine ndowa pamiyendo, Ababa atagwira chipewa, a Kachala atatseka maso njira yonse.

Tinafika mayi wina akutseka chitseko, makiyi ali m'manja. "Tatseka, mubwere mawa," anatero.

Ndinaika ndowa pansi, n'kuchotsa tomato mmodzimmodzi pakhonde pomwepo. Ndinali nditakonza mawu ambiri njira yonse, koma amene anatuluka ndi awa okha: "Mayi, tachokera ku Ntchisi. Bambo angawa akuti ndi mfiti chifukwa cha izi." Ndinamasula thumba.

Anayang'ana m'thumbamo, anatiyang'ana ife ndi matope athu a dzulo, n'kubweza kiyi pachitseko. Anakaitana bambo wina wa imvi amene anali atanyamula kale chikwama chake kuti aziweruka. Bamboyo atangoona mpope uja anaika chikwama pansi.

"Mwazipeza kuti zimenezi?"

"M'munda, bwana," anatero Ababa. "Ndi chiyani?"

"Bwerani muone nokha."

Anayatsa magetsi n'kutitsogolera m'kati, kudutsa mikondo, mitondo, ng'oma, mpaka pa galasi lomwe lija ndinaimapo ndili mwana. Munali mipope yadothi yofanana ndi ya Ababa, yakuda kumapeto chimodzimodzi. Pambali pake panali miyala yamabowomabowo ija, ndi makasu akale, ndi chithunzi cha chinthu chonga chulu chachitali chokhala ndi mabowo kunsi.

"Iyi ndi ng'anjo," anatero bambo uja. "Kale kusanabwere makasu a m'sitolo, anthu ankakumba miyala ya chitsulo, n'kuithira umu pamodzi ndi makala. Mipope yanuyi ankailowetsa m'mabowo awa kuti mphepo izilowa, moto uzikalipa. Kwakudaku n'kumene kunali m'moto. Miyala yanuyi ndi zotsalira, zinyalala za chitsulo. Chitsulo chenichenicho ankasulira makasu, nkhwangwa, mipeni."

Ababa anavula chipewa. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene wapatsidwa nsapato zoyamba. Mafunso anayamba kugwa ngati matalala: moto unkayaka masiku angati, ankadziwa bwanji mwala wa chitsulo, dothi la mipope ankalisakaniza ndi chiyani kuti lisasweke. Anatulutsa chidutswa chija n'kuonetsa podinda chala. Bambo wa imviyo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti iye wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri koma anthu obwera ndi mafunso otere ndi ochepa. Mayi wa makiyi anakhala pa benchi, ataona kuti kuweruka kwalephereka.

A Kachala anali ataima kumbuyo, manja m'matumba. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Ankachita zimenezi ndi anthu a kuti?"

"Madera ambiri. Ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntchisi kwanuko. Inu ndinu mbadwa ya kumeneko?"

"Eya."

"Ndiye mwina chala ichi ndi cha agogo a agogo anu."

A Kachala anayandikira galasi, n'kuyang'anitsitsa miyala yakuda ija, osati mipope, miyala. Bambo uja anatilembera kalata yofotokoza zonse, anadindapo chidindo, n'kupempha Ababa kuti pamalopo asakumbenso mwakuya, adzabwera kudzaona. Potuluka ndinachita kuwakoka Ababa pa malaya, chifukwa anali ataima pa ng'oma zija akufunsa za chikopa.

Tinagona kwa azakhali ku Ndirande, Lachisanu n'kubwerera. Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, kupatula kuti a Kachala sanalankhule kuchokera ku Blantyre mpaka ku Mponela. Ndinawagulira chimanga chootcha pa Ntcheu, analandira, anathokoza ndi mutu basi. Chete ameneyo anandidetsa nkhawa kuposa matope ndi matayala onse. Munthu wamkulu ngati ameneyu, kapitawo, angaime pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinalakwa? Kapena adzangoti ku Blantyre sanaone kanthu? Ndinafunsa Ababa monong'ona. Anati, "Usam'kankhe, akutafuna." Tinagona pa Boma kunyumba kwanga, Loweruka m'mawa n'kukwera makabaza, chifukwa za lole sindinkafunanso kumva.

Tinapeza anthu atadzadza kale m'shedi yosankhira fodya: matenanti, akazi awo, ndi a m'mudzi wa a Kachala. Bwana anakhala pa mpando, ife pa belo. Ndinatulutsa kalata, bwana anaiwerenga mokweza. Atamaliza kunali phokoso la pansipansi. Kenako mlamu wake wa a Kachala anaimirira.

"Pepala aliyense atha kulemba, bwana. Chidindo amasema ndi mbatata anyamata a m'tauni. Ife tinatuma maso athu. Alankhule a Kachala."

Ndinagwira dzanja la Ababa, linali lozizira. Ndi pamene ndinadziwa kuti nawonso ankaopa masiku onsewa, kungoti samaonetsa.

A Kachala anaimirira pang'onopang'ono. Anapita pa ndowa, anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa mwala umodzi wakuda. Mkazi wawo anakuwa, "Abambo, musagwire!" Iwo anaukweza m'mwamba kuti aliyense auone.

"Ndifunse kaye," anatero. "Tonse pano timalima mapiri omwewa. Amene sanafukulepo mwala wotere m'munda mwake, aimike dzanja."

Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Ena anayang'ana pansi, ena kudenga. Mlamu uja anakhala pansi mwakachetechete. Palibe dzanja limene linakwera, ngakhale limodzi.

"Ine ndinayamba kuifukula chaka chimene ndinakwatira," anapitiriza a Kachala. "Nthawi iliyonse ndinkati wina wandikwirira. Ndinkaitola ndi masamba, kukaitaya m'chimbudzi, osauza ngakhale mkazi wangayu. Ndadana ndi anthu chifukwa cha miyala imeneyi. Mchimwene wanga anamwalira tisakulankhulana, ndinkati ndi iyeyo. Ku Blantyre ndaiona ili m'galasi, ana a sukulu amapita kukaiona. Ndi zotsalira za makasu a makolo athu. Tonsefe takhala tikuithawa, mlendo yekhayu ndi amene anafunsa kuti ndi chiyani." Anatembenukira kwa Ababa, n'kugwada bondo limodzi pa fumbi la fodya. "A Nampinga, fodya wanga anaola chifukwa sindinafolere chigafa. Ndikhululukireni."

Ababa anaimirira msangamsanga n'kuwagwira m'mapewa kuti adzuke. Bwana anapinda kalata, anatsokomola, n'kunena kuti nkhani yatha, Lolemba aliyense ayambe kusankha fodya wake. Anthu sanabalalike nthawi yomweyo. Mayi wina wachikulire anayandikira ndowa, anatambasula dzanja, analibweza, kenako anafunsa Ababa ngati angagwireko. Ine ndinatuluka panja, chifukwa sindinkafuna kuti anthu amene ndinawakwiyira sabata yonse andione ndikulira.

A Kachala ananditsatira patapita kanthawi, mwala uja udakali m'manja. Anaima pambali panga akuyang'ana kutsidya, kumene kuli manda a m'mudzi mwawo.

"Amake Chisomo," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga, "bambo anu ndawapepesa, andimva. Nanga mchimwene wanga uja ndikam'pepesa bwanji?"